Mabuku a nkhani zosangalatsa: mitundu yake, alembi ake ndi njira zimene amafikira ku Lifidzi

Buku losangalatsa ndi buku limene munthu amawerenga popanda womutuma. Si la mayeso, si la katekisimu, ndiponso si kabuku kolangiza kathiridwe ka feteleza. Ndi lija munthu amatenga Lamulungu masana, kapena m'miyezi ya Juni ndi Julayi chimanga chitalowa m'nkhokwe, pamene chisanu cha kuno ku mapiri a Angónia chimasonkhanitsa anthu pamoto dzuwa likangolowa. Pa Chipwitikizi mabuku otere timawagawa kuti romance, novela ndi conto malinga ndi kutalika kwake. Aphunzitsi a Chichewa ku Malawi amangoti nthano yaitali ndi nthano yaifupi, ndipo anthu opezeka m'nkhanimo amawatcha ampangankhani.

Wowerenga wa ku Lifidzi ali pakati pa zinenero ziwiri. Kunyumba, kudimba ndi kumsika amalankhula Chichewa, chimene mapepala a boma la Mozambique amachilemba kuti Cinyanja. Kusukulu anaphunzira Chipwitikizi. Mabuku a nkhani a m'Chichewa pafupifupi onse amachokera kutsidya kwa malire, ku Malawi, ena ku Zambia. A m'Chipwitikizi amachokera ku Maputo, ku Beira, ku Lisboa ndi ku Brazil. Amene amawerenga zinenero zonse ziwiri ali ndi mwayi umene munthu wa ku Dedza kapena wa ku Maputo alibe, kungoti ambiri sadziwa mayina a mabuku oti afunse.

Chifukwa chake nkhani zathu zinasindikizidwa kutsidya

Ansembe a chipani cha Ajezuwiti anatsegula mishoni ya São Francisco Xavier ku Lifidzi mu 1909. Ufumu utagwa ku Portugal mu 1910 anathamangitsidwa, ndipo atabwerera ku Mozambique mu 1941, ku Lifidzi konkuno ndi kumene anayambiranso ntchito. Mu 1909 momwemo amishoni a Dutch Reformed anatsegula mishoni ya Mphatso, koma boma la Apwitikizi linawatulutsa mu Angónia mu 1922, chaka chimene Buku Lopatulika linatuluka lathunthu m'Chinyanja.

Ajezuwiti anachigwirira ntchito chinenero chathu. Dikishonale yawo ya Cinyanja ndi Chipwitikizi inasindikizidwa ku Lisboa mu 1963, ndipo inzake yoyambira ku Chipwitikizi inatsatira mu 1964. Koma dikishonale ndi mabuku a mapemphero si nthano. Sukulu ya atsamunda inkafuna kuti mwana wa kuno asanduke Mpwitikizi, choncho panalibe womulimbikitsa kulemba nkhani m'chinenero cha amayi ake. Kutsidya zinthu zinayenda mwina. Ku Nyasaland ana ankayamba sukulu m'Chinyanja, mishoni ngati ya Nkhoma zinali ndi makina osindikizira, ndipo mu 1948 maboma a Northern Rhodesia ndi Nyasaland anakhazikitsa ofesi yothandiza alembi a zinenero za kuno kusindikiza mabuku awo. Aphunzitsi anayamba kulemba, masukulu n'kumagula.

Nkhondo nayo inachita mbali yake. Anthu a ku Mozambique pafupifupi miliyoni imodzi anathawira ku Malawi, ndipo a ku Angónia ambiri anakakhala m'midzi ya abale awo ku Dedza ndi ku Ntcheu. Ena mwa ana awo anaphunzira kuwerenga m'masukulu a kumeneko. Mtendere utasainidwa ku Roma pa 4 Okutobala 1992 anabwerera akudziwa kuwerenga Chichewa kuposa Chipwitikizi. Ndiye musadabwe kupeza bambo wa zaka makumi anayi ku Lifidzi kapena ku Dómuè akutchula mabuku a Gwengwe ndi Chadza ngati anakulira ku Lilongwe.

Nkhani za moyo wa munthu ndi za paulendo

Buku loyambira aliyense wofuna kudziwa nthano zazitali za m'Chichewa ndi Nthondo, lolembedwa ndi Samuel Josia Nthara, mphunzitsi wa ku mishoni ya Nkhoma amene anabadwa mu 1905 ndi kumwalira mu 1976. Linatuluka mu 1933 litapambana mpikisano wa bungwe la International Institute of African Languages and Cultures, ndipo chaka chotsatira T. Cullen Young analimasulira m'Chingerezi pa mutu wakuti Man of Africa. Limalondola munthu mmodzi kuyambira kubadwa mpaka kufa: ubwana wake wosamvera, umbava, ulendo wokafuna ntchito kutali, kubwerera kumudzi, kulowa ufumu, ndi kutembenuka mtima. Mathero ake ndi a ku mishoni, zimenezo n'zosabisa. Koma chokoma cha bukuli chili pakati, pamene Nthondo akadali wovuta. Mlembi ankadziwa mudzi wa Achewa, milandu yake, maliro ake ndi kalankhulidwe ka akuluakulu, ndipo wowerenga wa kuno amazindikira zambiri ngati akuona kwawo. Nthara analembanso Mbiri ya Achewa ndi Msyamboza, mbiri ya mfumu ina ya ku Dowa.

Sikusinja ndi Gwenembe, la John W. Gwengwe, ndi la m'zaka za m'ma 1960. Gwero lake ndi nthano ya makolo: anthu awiri apachibale apita kukagwira ntchito kutali, mmodzi asunga chuma, winayo amwaza, ndipo pobwerera womwazayo apha mbale wake. Mboni ndi mbalame, imene imayimba za imfayo osatopa. M'dera ngati lathu, m'mene mabanja ambiri ali ndi agogo amene anapita ku minda ya fodya ya ku Rhodesia kapena ku migodi ya ku Joni, ndiponso anyamata akupitabe ku South Africa lero lino, nkhaniyi sinakalambe. Gwengwe yemweyo analemba Kukula ndi Mwambo, koma limenelo ndi lamalangizo kwambiri, loyenera wofuna kudziwa miyambo osati wofuna kupumula. E. J. Chadza, wodziwika ndi Ntchito ya Pakamwa, analembanso Kokha Mcheperawakalulu, limene ana a sukulu a ku Malawi analiwerenga zaka zambiri.

Chikondi, ukwati ndi mitala

Uwu ndiwo mtundu umene umayenda m'manja ambiri, ndipo buku lake limang'ambika msanga. M'zaka za m'ma 1980 kampani ya Popular Publications ya ku Limbe, ya ansembe a Montfort omwenso ankasindikiza magazini ya Moni, pamodzi ndi Dzuka ya ku Blantyre, zinatulutsa timabuku tating'ono, totsika mtengo, tokamba za moyo wa m'tauni: ntchito yosowa, ngongole, chibwenzi chamseri, mwana wa sukulu wotenga pakati. Willie Zingani analemba Njala Bwana ndi Madzi Akatayika. Jolly Max Ntaba analemba Mtima Sukhuta ndi Ikakuona Litsiro Sikata. Whyghtone Kamthunzi analemba Agnesi ndi Mphunzitsi Wake, mutu umene ukunena wokha za vuto limene makolo a kuno akulidziwanso bwino. Muone kuti mitu yambiri ndi miyambi yodulidwa pakati, yoti wowerenga aimalize yekha. Vuto la mabuku ambiri a gulu ili n'lakuti mlembi amafulumira kulanga wolakwa, makamaka akakhala mkazi, moti ukafika tsamba lachikhumi wadziwa kale amene adzalire pamapeto. Komabe Chichewa chake n'chamoyo, ndipo buku limatha usiku umodzi.

Ku mbali ya Chipwitikizi dzina loyamba ndi Paulina Chiziane, wobadwira ku Manjacaze m'chigawo cha Gaza mu 1955. Balada de Amor ao Vento, la 1990, ndilo buku loyamba la nthano yaitali kusindikizidwa ndi mayi wa ku Mozambique. Limakamba za Sarnau ndi Mwando, chikondi chawo ndi zonse zimene zinawalekanitsa. Koma limene ndingapatse munthu amene sanawerengepo buku lonse la Chipwitikizi ndi Niketche, la 2002. Rami wakhala pabanja zaka makumi awiri ndi Tony, mkulu wa apolisi, ndipo atulukira kuti bamboyo ali ndi akazi ena anayi ochokera m'zigawo zosiyana za dziko lino. Ayamba ndi kumenyana nawo, kenako awasonkhanitsa n'kumukakamiza mwamunayo kuti ngati ndi mitala, aiyendetse motsata malamulo a mitala. Ukuseka, ukupsa mtima, nthawi yomweyo. Chiziane analandira mphotho ya Camões mu 2021, mphotho yaikulu koposa ya alembi a Chipwitikizi.

Palinso timabuku tachikondi tochokera kunja, tofanana ngati mazira a nkhuku imodzi: Sabrina, Júlia ndi Bianca tomasuliridwa ku Brazil, ndi Mills & Boon ta Chingerezi topezeka pa makaunjika a mabuku ku Malawi. Aphunzitsi ena amatinyoza. Ine sinditinyoza, pakuti atsikana ambiri Chipwitikizi chawo chinakhwimira m'timabuku timeneti.

Upandu ndi ofufuza milandu

Nkhani ya upandu imayenda motere: wina waphedwa kapena chinthu chabedwa, wofufuza afunsa anthu, aliyense abisa kanthu, ndipo wowerenga apikisana ndi wofufuzayo kupeza wolakwa. Agatha Christie, mayi wa ku England amene anapanga wofufuza wotchedwa Hercule Poirot, ndiye katswiri wake. Owerenga Chipwitikizi anamudziwa kudzera mu Colecção Vampiro, mndandanda wa timabuku ta m'thumba umene unayamba ku Lisboa mu 1947. Ku Malawi ndi ku Zambia amene anatenga malo ndi James Hadley Chase, wa nkhani za mfuti, ndalama ndi akazi oopsa.

Alembi athu mtunduwu anaupotoza mwa njira yawo. Mu A Varanda do Frangipani, la Mia Couto, la 1996, wapolisi Izidine Naíta atumidwa ku linga lakale limene linasanduka nyumba yosungira okalamba kuti akafufuze imfa ya mkulu wa pamalopo. Chodabwitsa n'chakuti nkhalamba iliyonse ikuti inapha ndiyo. Wofotokoza nkhaniyo ndi munthu wakufa amene walowa m'thupi la wapolisiyo. Kwa Mzungu zimenezi ndi zachilendo. Kwa ife amene tinakula tikumva za mizimu ndi ziwanda, n'zosavuta kutsatira. Chimene chimavuta ndi Chipwitikizi cha Mia Couto, chifukwa amapanga mawu akeake amene simungawapeze m'dikishonale. Woyamba kumene asayambire apa, ndiponso asayambire pa Terra Sonâmbula la 1992, ngakhale ndilo lotchuka koposa. Mwa alembi a m'badwo wotsatira, Lucílio Manjate analemba Rabhia, nkhani yofufuza za imfa ya mayi wina mumzinda wa Maputo.

Mbiri, nkhondo ndi chigawo chathu

Ualalapi, la Ungulani Ba Ka Khosa, linatuluka mu 1987. Ndi lalifupi koma lamagazi. Limakamba za Ngungunhane, mfumu yomaliza ya Gaza imene Apwitikizi anaigwira ku Chaimite mu Disembala 1895, ndipo silimuonetsa ngati ngwazi ya m'mabuku a sukulu koma ngati wolamulira wankhanza. Angoni a kuno ali ndi chifukwa chapadera choliwerengera: makolo a Ngungunhane ndi makolo a Angoni a Maseko, amene anadzakhazikika kufupi ndi phiri la Dómuè, onse anachoka kummwera pa chipwirikiti chimodzi cha m'nthawi ya Shaka.

Mlembi amene anaika chigawo cha Tete m'nthano ndi João Paulo Borges Coelho, katswiri wa mbiri yakale amene anafufuza kwambiri za nkhondo m'chigawo chino. As Duas Sombras do Rio, la 2003, likuchitikira ku Zumbo, pamene Mozambique, Zambia ndi Zimbabwe zimakumana. Msodzi Leónidas Ntsato apezeka atakomoka pa chilumba pakati pa Zambezi, mizimu iwiri ikulimbirana mutu wake, ya njoka ndi ya mkango, pamene nkhondo ikubalalitsa anthu kutsidya ndi kutsidya la mtsinje. Amene anathawirako ku Malawi adzapeza zambiri zowakumbutsa, zina zowawa. Rainhas da Noite, la mlembi yemweyo, likuchitikira ku Moatize m'nthawi ya atsamunda, pakati pa akazi a mabwana a mgodi wa malasha ndi antchito awo a m'nyumba.

Pa nkhani zazifupi, Nós Matámos o Cão Tinhoso la Luís Bernardo Honwana, la 1964, lidakali patsogolo. Lili ndi nkhani zisanu ndi ziwiri, Chipwitikizi chake n'chosavuta, ndipo zambiri zimaonedwa ndi maso a mwana. Ambiri tinakumana ndi zidutswa zake m'mabuku a kalasi, koma kuliwerenga lonse popanda mphunzitsi wofunsa mafunso ndi chinthu china. Kwa okonda Chichewa, Benedicto Wokomaatani Malunga anamasulira Things Fall Apart la Chinua Achebe, la 1958, n'kulitcha Chipasupasu. Nkhani ya Okonkwo ndi kufika kwa amishoni pakati pa Aigbo a ku Nigeria imamveka mwina ukaiwerengera pamalo ngati Lifidzi, pamene mishoni ndi gule wamkulu zakhala zikuyang'anizana zaka zoposa 100.

Za zithunzi, za ana ndi zochokera pa wailesi

Mabuku a zithunzi, amene pa Chipwitikizi timati banda desenhada, ndiwo khomo la ana ambiri. Tio Patinhas, Tex wa ku Italy amene anayamba mu 1948, ndi Turma da Mônica ya Mauricio de Sousa wa ku Brazil, anafika m'dziko muno kudzera m'Chipwitikizi. Ochepa amadziwa kuti Borges Coelho asanayambe nthano zazitali ankajambula mabuku otere okamba mbiri ya Mozambique, monga Akapwitchi Akaporo la 1981.

Ife a pa wailesi sitingadumphe dzina la Julius Chongo wa ku Zambia. Kuyambira m'zaka za m'ma 1960 ankafotokoza nkhani m'Chinyanja pa pulogalamu yotchedwa Poceza m'Madzulo, iye yekha akusintha mawu kukhala nkhalamba, mwana, mfiti kapena Kalulu. Mphamvu yake inali pa mvekero, timawu tija tojambula phokoso ndi kayendedwe ka chinthu, moti womvera ankaona fumbi ndi maso. Zina mwa nkhani zake zinalowa m'buku lotchedwa Fumbi Khoboo!, ndipo Ernst Wendland anasonkhanitsa zina pamodzi ndi kumasulira kwake m'Chingerezi. Mabuku amenewa amakoma powerenga mokweza, banja lili pamodzi, ndipo potero ngakhale agogo amene sanapite kusukulu amalandirako gawo lawo. Imeneyi si nkhani yaing'ono m'dziko limene kalembera wa 2017 anapeza kuti anthu 39 mwa 100 alionse a zaka 15 kupita m'tsogolo sadziwa kulemba ndi kuwerenga.

Ana aang'ono ali ndi African Storybook, nkhokwe ya pa intaneti imene bungwe la Saide la ku South Africa linatsegula. Muli timabuku ta zithunzi m'zinenero zambiri za mu Africa, Chichewa ndi Cinyanja zili momwemo, ndipo kutsitsa ndi kusindikiza n'kwaulere.

Kalembedwe: c kapena ch

Wowerenga amene atenga buku la ku Zambia kapena lakale kwambiri amadabwa kuona cinthu, cabwino, kuceza. Si kulakwitsa. Kale Chinyanja chinkalembedwa ndi c yekha. Malawi anasintha dzina la chinenerochi kukhala Chichewa mu 1968, ndipo malamulo a kalembedwe amene anatsatira anakhazikitsa ch. Zambia inatsalira pa c, ndipo Mozambique, pa misonkhano ya kalembedwe ka zinenero zathu imene inayamba mu 1988, inasankhanso c. Mwana amene akuphunzira m'makalasi a zinenero ziwiri, njira imene inayesedwa koyamba kuno ku Tete ndi ku Gaza kuyambira 1993 mpaka 1997 isanafalikire m'zigawo zina, amaona c m'buku la kusukulu ndi ch m'buku lochokera ku Dedza. Masamba awiri kapena atatu amakwana kuti diso lizolowere. Mabuku akale amalembanso mau m'malo mwa mawu, ndi ziri m'malo mwa zili.

Maphunziro a zinenero ziwiriwa akutulutsa ana odziwa kuwerenga Cinyanja, koma akamaliza buku la kalasi sapeza lina loti atsegule. Kuwerenga kuli ngati khasu: losagwira ntchito limachita dzimbiri. Mwana amene wasiya sukulu ali m'kalasi lachisanu, ngati sakumananso ndi tsamba lomukoka mtima, pakapita zaka zochepa amavutika ngakhale ndi kalata ya kuchipatala. Apa ndi pamene buku losangalatsa limagwira ntchito imene buku la mayeso silingathe. Ndipo mpata wa alembi ulipo poyera: nkhani za msika wa mbatata, za malonda a m'malire, za kuthawa nkhondo ndi kubwerera, za ngoma ndi gule, zikudikira mwana wa ku Angónia woti azilembe m'chinenero chake.

Kumene mabuku amapezeka

Mapapelariya a ku Ulónguè amagulitsa kwambiri makope, zolembera ndi zofunika kusukulu. Mzinda wa Tete, kumene kuli biblioteka ya chigawo, uli pa mtunda wa makilomita oposa 200. N'chifukwa chake njira yaifupi ya buku la Chichewa ndi ya ku Calómuè kulowa ku Dedza, mpaka ku Lilongwe, kumene masitolo a mabuku monga a CLAIM ndi ogulitsa mabuku akale m'mbali mwa msewu amapezeka. Mabuku amene ali pa silabasi ya sekondale ku Malawi ndiwo osavuta kupeza, chifukwa amasindikizidwa mobwereza. A m'zaka za m'ma 1980 ambiri anasowa m'masitolo, ndipo amapezeka m'mabokosi a aphunzitsi opuma ntchito. Potuma munthu, mulembereni mutu ndi dzina la mlembi papepala, chifukwa wogulitsa mukangomuuza kuti mukufuna buku la Chichewa adzakupatsani la galamala.

A Chipwitikizi ndi odula, ndipo ambiri amabwera ndi ophunzira kapena antchito a boma ochokera ku Maputo ndi ku Beira. Makampani atsopano osindikiza akuthandizako: Fundza ya ku Beira imatulutsa alembi achinyamata, ndipo Trinta Zero Nove, imene Sandra Tamele anayambitsa ku Maputo mu 2018, imamasulira mabuku a kunja. Funsaninso ku sukulu za sekondale ndi ku maparishi, chifukwa kawirikawiri kumakhala kabati ya mabuku imene anthu saidziwa.

Foni yabweretsa njira ina. Achinyamata amawerenga nkhani za Chichewa zotuluka gawo ndi gawo pa Facebook, ndipo mabuku athunthu amayenda pa WhatsApp ngati PDF. Zambiri mwa nkhani za pa Facebook n'zolembedwa mothamanga, koma zikusonyeza kuti njala ya nkhani ilipo. Za PDF zili ndi mbali yake yoipa: buku la mlembi wamoyo likamagawidwa motero, iye salandira ngakhale metikali imodzi. Njira yachilungamo, imene magulu ena a aphunzitsi amatsata pogula zinthu zina, ndi yosonkherana: anthu khumi agula mabuku khumi osiyana, alemba mayina m'kope, ndipo buku lililonse likhala kwa munthu milungu iwiri lisanapite kwa mnzake. Likutireni ndi pepala lolimba la thumba la simenti kapena la shuga, ndipo m'nyengo ya mvula musalisiye pansi kapena pafupi ndi khoma la dothi, chifukwa chinyezi ndi chiswe za kuno sizichedwa.